Misewu yafumbi ya kumidzi ya ku France: mwini wake ndani, nanga pansi pake pali dothi lanji?

Pa 7 Julayi 2024 mpikisano wa njinga wa Tour de France unasiya phula n'kulowa m'fumbi. Tsiku limenelo opalasa anayenda makilomita 199, kuchoka mumzinda wa Troyes n'kubwereranso momwemo, ndipo makilomita 32 mwa amenewa anali a timisewu ta miyala yoyera, togawidwa m'zigawo 14, todutsa m'minda ya mphesa ya ku Champagne. Anapambana ndi Anthony Turgis. Amene anaonera pa kanema sangaiwale opalasa ali mbuu ndi fumbi, ena atatsika n'kumathamanga njinga ili m'manja pa chitunda pamene matayala anakana kugwira.

Timisewu timeneti sanatilambulire mpikisano ayi. Ndi ta alimi a mphesa, todutsa mathirakitala. Ndipo apa ndi pamene pagona nkhani yonse ya kupalasa njinga m'misewu yafumbi ya ku France. Msewu uliwonse umene mungadutse unapangidwira ntchito ina: wina ndi wopita kumunda, wina wotulutsira matabwa, wina wa ozimitsa moto, wina munkadutsa mahatchi okoka mabwato, wina munali njanji. Wokonza ulendo amangolumikiza zidutswa za misewu ya eni ake. Mukadziwa kuti msewuwo anaupanga ndani komanso kuti pansi pake pali mwala wanji, mwadziwa kale ngati ulendo wanu ukoma kapena mukankha njinga tsiku lonse.

Njinga yoyendera misewu yotere, imene amaitcha gravel, ndi yosavuta kufotokoza. Chiwongolero chake n'chopindikira pansi ngati cha njinga ya mpikisano, koma matayala ndi aakulu, mamilimita 38 mpaka 50 m'lifupi, pomwe a njinga ya paphula amathera cha m'ma 30. Ambiri saikamo chubu, amathiramo madzi omata amene amatseka bowo munga ukangolasa. Magiya ndi opepuka kuti mukwere chitunda muli ndi katundu. Dzinalo linachokera ku America, koma kwa Afalansa chinthucho si chachilendo. Mu 1910, pamene Tour de France inakwera koyamba phiri la Tourmalet, msewu unali wa miyala ndipo Octave Lapize malo ena anachita kukankha njinga. Paul de Vivie wa ku Saint-Étienne, amene ankalemba ndi dzina loti Vélocio, anali atayamba kale kulimbikitsa maulendo ataliatali a panjinga ya magiya. Pambuyo pake amisiri a ku Paris monga René Herse ndi Alex Singer ankapanga njinga za matayala onenepa zoyendera misewu yoipa ya kumidzi. Chimene chabwera posachedwa ndi dzina ndi msika basi.

Tsono tiyambe ndi umwini, chifukwa ndi pamene alendo ambiri amasokonezeka.

Dziko la France linagawidwa m'timaboma ting'onoting'ono totchedwa commune, pafupifupi 35,000, kalikonse kokhala ndi meya ndi khonsolo yake, ngakhale mudzi wa anthu 80 okha. Khonsolo zimenezi zili ndi misewu ya mitundu iwiri. Pali voie communale, umene khonsolo imakakamizidwa ndi lamulo kuusamala, ndipo nthawi zambiri uli ndi phula. Ndiye pali chemin rural, womwe ndi mtima wa kupalasa m'fumbi. Umenewu ndi katundu wa khonsolo, aliyense ali ndi ufulu wodutsamo, koma lamulo silikakamiza khonsolo kuukonza. Meya akafuna athiramo miyala, akapanda kufuna msewu umera minga. N'chifukwa chake mumatha kuyenda pamsewu wosalala bwino, kenako mwadzidzidzi n'kupezeka muli m'thengo lofika m'chiuno: mwangodumpha malire a mudzi wina n'kulowa wina. Misewu yotere ilipo pafupifupi makilomita 750,000 m'dziko lonselo.

Wachitatu ndi chemin d'exploitation. Ndi maso simungausiyanitse ndi chemin rural, koma ndi wa eni minda imene msewuwo umatumikira, ndipo akafuna angathe kuletsa anthu. Chikwangwani cholembedwa kuti "Propriété privée" kapena "Chemin privé" si chokongoletsera. Nkhalango nazo n'chimodzimodzi. Pafupifupi magawo atatu mwa anayi a nkhalango za ku France ndi za anthu wamba, zotsalazo ndi za boma ndi makhonsolo, ndipo zimayang'aniridwa ndi bungwe la ONF. M'nkhalango za boma misewu ikuluikulu yotulutsira mitengo imakhala ndi mtengo wopingasa woletsa galimoto, koma wa njinga amadutsa. Kulowa m'tinjira ting'onoting'ono pakati pa mitengo ndi nkhani ina, malo ambiri n'koletsedwa.

Pali chinthu chimene chimandipweteka mtima pa misewu ya chemin rural: ikutha. Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha, boma la France linayamba kuphatikiza timinda ting'onoting'ono kuti pakhale minda ikuluikulu yolima ndi makina. Ntchitoyi, yotchedwa remembrement, inafika pachimake m'zaka za m'ma 1960 ndi 1970. Mipanda ya mitengo inazulidwa, njira zakale zinagaulidwa, makamaka ku Bretagne. Misewu ya makilomita pafupifupi 200,000 kapena kuposerapo inazimiririka. Komanso pali lamulo loti munthu akagwiritsa ntchito malo poyera, ngati ake, kwa zaka 30 popanda womutsutsa, angathe kuwatenga. Popeza chemin rural ndi katundu wamba wa khonsolo, lamuloli limaukhudza. Mlimi akalima chaka chino mzere umodzi, chaka chamawa wina, pakapita zaka msewu wasanduka munda. Mu Febuluwale 2022 panadutsa lamulo lolola khonsolo kuchita kalembera wa misewu yake, ndipo nthawi ya kalemberayo zaka 30 zija zimayamba zaima kuwerengedwa. Ndi chiyambi chabwino, koma chimene chimasunga msewu kwenikweni ndi mapazi ndi matayala. Msewu wodutsidwa suiwalika, ndipo amene akufuna kuulanda amachita manyazi. Ine ndimaona kuti wopalasa amene amadutsa mwaulemu, kutseka geti la ziweto akadutsa, kupatsa moni mlimi ndi kupatukira thirakitala, akuthandiza mudziwo kusunga chuma chake.

Zimenezi zikufotokozanso chifukwa chake mzere wooneka bwino pa foni umatha kukusiyani pakati pa munda wa tirigu. Mapu odalirika kwambiri ndi a bungwe la boma la IGN, a sikelo ya 1:25,000, pamene masentimita 4 akuimira kilomita imodzi. Amasiyanitsa msewu woyenda galimoto, wa thirakitala ndi kanjira ka wapansi. Komabe ngakhale iwo sauza munthu kuti mwini wake ndani. Zizindikiro za utoto pamitengo zimathandiza: chofiira ndi choyera ndi njira za GR za oyenda pansi, timagudumu tiwiri ndi kachinthu ka ngodya zitatu ndi njira ya njinga za m'mapiri. Koma chenjerani ndi GR. Woyenda pansi amakwera masitepe ndi matanthwe osadandaula, inu mudzasenza njinga paphewa.

Tibwere ku dothi. Dziko la France si lalikulu kwambiri, koma miyala yake imasinthasintha modabwitsa, ndipo tayala ndilo limayamba kudziwa.

Ku Champagne pansi pali choko ndi miyala ya laimu. Kukauma msewu umalimba gwa, njinga imathamanga mosavuta. Kukagwa mvula choko chimaterera koopsa. M'zigwa za tirigu ndi beet (mbewu yopangira shuga) za kumpoto ndi ku Beauce muli dothi lamatope, ndipo aliyense amene anayesapo kupalasa m'makande a kudambo mwezi wa Febuluwale akudziwa chimene chimachitika: dothi limamatirira ku tayala, limaunjikana pa foloko mpaka gudumu kuima nji, ndipo njinga imalemera moti simungathe ngakhale kuikankha. Ku Normandie muli miyala yakuthwa ya silex imene imang'amba tayala m'mbali, pamene madzi omata aja sathandiza. Ku Sologne, ku Fontainebleau ndi ku Landes kuli mchenga, umene umavuta kukauma koma umayendeka bwino mvula ikangogwa kumene. Ku Morvan ndi ku Bretagne kuli mwala wa granite umene ukafumbutuka umasanduka timiyala tokhakhala tosasunga madzi, ndipo tayala limagwira bwino nyengo iliyonse. Ku Auvergne kuli timiyala topepuka ta mapiri amene kale ankaphulika, takuda ndi tofiira, timene timagubuduka pansi pa tayala pokhota. Choncho funso loti "kodi tayala labwino ndi liti" lilibe yankho limodzi. Yambani mwafunsa kuti mukupita chigawo chiti, mwezi wanji.

Kwa woyamba kumene, palibe choposa m'mbali mwa ngalande ndi m'njanji zakale. Ngalande ya Nantes mpaka Brest, ya makilomita pafupifupi 360 ndi zipata za madzi zoposa 230, inamalizidwa mu 1842. Damu la Guerlédan litamangidwa cha mu 1930 linaidula pakati, mabwato a katundu anachepa, koma njira ya mahatchi inatsala, yathyathyathya, ya timiyala tosalala. Njira yotchuka ya Vélodyssée, yochoka ku Roscoff kukafika ku Hendaye, imatsata ngalandeyi mtunda wautali. Canal du Midi, imene Pierre-Paul Riquet anayamba kukumba mu 1666 n'kutsegulidwa mu 1681, ndi ya makilomita 240 kuchoka ku Toulouse. Yatchuka kwambiri, koma zigawo zina n'zokumbika ndiponso za mizu, ndipo mthunzi wake wachepa chifukwa matenda a bowa amene anapezeka mu 2006 achititsa kuti mitengo yambiri ya platane, mwa 42,000 imene inalipo, idulidwe. Za njanji, Dolce Via ya ku Ardèche imatsata chigwa cha mtsinje wa Eyrieux makilomita pafupifupi 90, kudutsa milatho ndi mapanga a sitima. Sitima sinkakwera chitunda chachikulu, ndiye inunso simukwera. Kunena zoona, masiku atatu a m'mbali mwa ngalande amafika potopetsa maso, chifukwa madzi ndi omwewo, mitengo ndi yomweyo. Koma monga pophunzirira kunyamula katundu ndi kudziwa mphamvu za miyendo yanu, n'zokwanira.

Ku Bretagne, kumpoto kwa chigawo cha Finistère, kuli timisewu ta pakati pa minda totchedwa ribinoù, tokhala ndi mizere iwiri ya matayala ndi udzu pakati. Mpikisano wa Tro Bro Léon, umene Jean-Paul Mellouët anayambitsa mu 1984 ku Lannilis, umadutsa mmenemo, ndipo wopalasa wa ku Bretagne amene wachita bwino kuposa anzake amapatsidwa kamwana ka nkhumba. Kum'mawa, kumalire ndi Switzerland, njira ya Grande Traversée du Jura imatenga makilomita pafupifupi 400 kuchoka ku Mandeure kukafika ku Culoz, m'nkhalango ndi m'mabusa a ng'ombe zimene mkaka wake amapangira tchizi cha Comté. Olimba mtima ali ndi ulendo wa French Divide, woposa makilomita 2,000, umene njira yake yoyamba inali yochoka ku Bray-Dunes kumalire ndi Belgium mpaka kudera la Abasque, munthu akudzidalira yekha pa chilichonse.

Koma mutandifunsa kuti France wafumbi weniweni ali kuti, ndingakulozereni ku Massif Central, mapiri a pakati pa dzikolo. Njira ya Grande Traversée du Massif Central ndi ya makilomita pafupifupi 1,380, kuchoka ku Avallon kukathera kunyanja ku Cap d'Agde. Anaikonzera njinga za m'mapiri, ndiye zigawo zina n'zokhakhala kwambiri, koma pali mzere wina wopatukira malo oterowo umene njinga ya gravel imakwanitsa. Ubwino wake ndi woti dziko limasintha pansi panu pang'onopang'ono. Mumayamba m'nkhalango zonyowa za Morvan, mumadutsa mapiri a Chaîne des Puys amene UNESCO inawazindikira mu 2018, kenako mabusa opanda mtengo a Cézallier, kumene mungapalase ola lathunthu mukuona ng'ombe zokhazokha. Mukatsikira ku Saint-Flour mumakwera Margeride n'kulowa m'chigawo cha Lozère, chimene chili ndi anthu ochepa kuposa chigawo china chilichonse ku France, pafupifupi 76,000 pa malo oposa masikweya kilomita 5,000.

Kumwera kwa Lozère ndiko kuli ma causse, mapiri athyathyathya pamwamba, a miyala ya laimu, odulidwa ndi zigwembe zakuya za mitsinje ya Tarn ndi Jonte. Pamwamba pa Causse Méjean, mamita pafupifupi 1,000 kuchoka panyanja, mulibe mtsinje ngakhale umodzi. Mvula ikagwa imalowa m'ming'alu ya mwala n'kukatulukira pansi kuchigwa. Abusa akale anachita kukumba timaiwe toyalidwa miyala ndi dongo, totchedwa lavogne, kuti nkhosa zizimwa. Njira zambiri za kumeneko ndi za nkhosa, ma draille, mmene kwa zaka mazanamazana ziweto zakhala zikukwera kuchoka kuzigwa zotentha za kunyanja kupita ku Mont Aigoual ndi Mont Lozère nyengo yotentha ikayamba. Moyo wa ubusa umenewu ndi umene unachititsa kuti dera la Causses ndi Cévennes lilowe m'kaundula wa UNESCO mu 2011. Ku Larzac, kumene nkhosa zake zimapereka mkaka wa tchizi cha Roquefort, alimi 103 anakana kuchoka pamene boma linafuna kukulitsa kampu ya asilikali mu 1971. Analimbana zaka khumi mpaka pulezidenti François Mitterrand anathetsa ganizolo mu 1981. Misewu yoyera imene wopalasa amasangalala nayo lero ku Larzac, yambiri ikanakhala mkati mwa waya wa asilikali. Podutsa pamenepo n'koyenera kudziwa kuti pali anthu amene anaumenyera nkhondo malowo.

Popeza misewu ndi ya ogwira ntchito, mudzakumana nawo, ndipo atatu mwa iwo ndi ofunika kuwadziwiratu.

Woyamba ndi galu wa nkhosa. Mimbulu inabwerera ku France mu 1992 kudzera ku mapiri a Mercantour, kumalire ndi Italy, ndipo kuyambira pamenepo abusa ambiri amasunga agalu akuluakulu oyera otchedwa patou, amene amakhala ndi nkhosa usana ndi usiku. Galu ameneyu akaona chinthu chothamanga chikulunjika ziweto zake amachiyesa mdani. Kuthawa n'kulakwitsa, simungamupose liwiro pa chitunda. Imani patali, tsikani, njinga ikhale pakati pa inu ndi galuyo, muyankhuleni modekha, mulekeni akununkhizeni, kenako zungulirani gulu la nkhosa mukuyenda pansi. Musadutse pakati pa nkhosa ngakhale msewu utadutsa pomwepo.

Wachiwiri ndi mlenje. Ku France kuli alenje pafupifupi 1 miliyoni, ndipo nyengo yosaka imayamba mu Seputembala mpaka kumapeto kwa Febuluwale, koma uzimba wa nguluwe m'madera ambiri umayamba msanga, mu Ogasiti. Palibe tsiku limene dziko lonse linapatula kuti lisakhale losaka, ndipo Loweruka ndi Lamlungu ndiwo masiku awo. Mukaona chikwangwani cha "Chasse en cours" ndi anthu a zovala za olenji ataima m'mbali mwa msewu ndi mfuti, musalowe mwakachetechete. Pitani kwa woyambayo, mupatseni moni, mufunseni kuti uzimba uli mbali iti. Zipolopolo zophera nguluwe zimapita kutali kwambiri. Valani zowala.

Wachitatu ndi moto. Kumwera kwa dzikolo misewu yabwino kwambiri ya miyala ndi yotchedwa DFCI, yolambulidwa kuti magalimoto ozimitsa moto azifika msanga m'nkhalango. Ndi yotakata, yokwera pang'onopang'ono, yokhala ndi manambala pamphambano iliyonse. Nkhalango ya mapaini ya Landes, ya mahekitala pafupifupi 1 miliyoni, imene inadzalidwa kwambiri pambuyo pa lamulo la 1857, yadzaza ndi misewu yotere, ngakhale kuti yambiri ili pa malo a anthu. Mu 2022 moto unapsereza mahekitala pafupifupi 30,000 m'chigawo cha Gironde chokha. Ndiye m'miyezi yotentha préfet, yemwe ndi woimira boma m'chigawo, amatseka nkhalango tsiku limene chiopsezo chakwera. Ku Var ndi ku Bouches-du-Rhône mapu osonyeza kotseka amatuluka madzulo aliwonse okhudza tsiku lotsatira. Wolowa kotsekedwa amalipira chindapusa, ndipo choopsa kuposa chindapusacho n'chakuti mphepo ya mistral ikauluza moto palibe njinga imene ingauthawe.

Za chakudya ndi madzi musaziderere. Midzi yambiri ya pakati pa France inatha anthu, sitolo ndi malo ophikira buledi zinatsekedwa kalekale. Kumene zilipo amatseka masana kuyambira cha m'ma 12:30, Lamlungu masana, ndipo ambiri Lolemba satsegula n'komwe. Mukaona buledi gulani, musati ndikagula kutsogolo. Madzi ali ndi chinsinsi chimene wopalasa aliyense wa ku France amachidziwa: kumanda. Pafupifupi manda a mudzi uliwonse ali ndi mpopi wothirira maluwa pafupi ndi geti, ndipo nthawi zambiri madzi ake ndi omwewo a m'nyumba za m'mudzimo. Pakalembedwa "Eau non potable" musamwe. Kwa ife kulowa kumanda popanda maliro n'kolemera, koma kumeneko palibe amene amadabwa, bola mulowe mwaulemu n'kutseka geti. M'miyezi yozizira mipopiyo amaitseka kuopa kuti mapaipi angaphulike ndi chisanu.

Pogona pali makampu a khonsolo otsika mtengo, nyumba za apaulendo zotchedwa gîte d'étape, ndi malo okhala ndi chizindikiro cha Accueil Vélo, kutanthauza kuti ali ndi posungira njinga. Kumanga tenti pamalo a munthu kumafuna chilolezo chake, ndipo m'mapaki a boma monga Cévennes muli malamulo akeake onena za pogona ndi podutsa njinga. Sitima za m'zigawo, za TER, zimanyamula njinga, kawirikawiri ulere, ngakhale kuti m'miyezi ya tchuthi zigawo zina zimafuna kusungitsiratu malo. Zimenezi zimathandiza kuti ulendo wautali muudule m'zidutswa: sitima ya pakati pa Clermont-Ferrand ndi Nîmes, kapena ya ku Béziers yodzera ku Millau, imakutulani pafupi ndi njira ya Massif Central. Musaiwale kuti kumeneko amayenda kumanja, kuti usiku kunja kwa tauni lamulo limafuna chovala chonyezimira, ndi kuti nambala ya ngozi ndi 112.

Nanga mwezi wabwino ndi uti? Julayi ndi Ogasiti amakopa chifukwa ndi tchuthi, koma kumwera kumatentha mpaka kupitirira madigiri 35, nkhalango zimatsekedwa, ndipo pa ma causse palibe mthunzi. Kuyambira Seputembala alenje ali m'thengo, ndipo ku Cévennes ndi nyengo ya mvula yamkuntho imene imatha kugwetsa madzi a miyezi ingapo tsiku limodzi n'kukokolola misewu. Epulo matope a kumpoto amakhala asanaume, ndipo pamwamba pa Mont Lozère pamatha kukhala chipale. Otsala ndi masabata a pakati pa Meyi mpaka kumapeto kwa Juni: dothi lauma, dzuwa limalowa mochedwa cha m'ma 9 koloko usiku, uzimba waukulu kulibe, makampu atsegula, ndipo ku Aubrac cha pa 25 Meyi ng'ombe zimakwera kumapiri zitavekedwa maluwa. Pa tsiku musadziikire mtunda wa paphula. Amene amapalasa makilomita 120 pamsewu wosalala ayembekezere 60 kapena 70 m'miyala ya Massif Central ali ndi katundu, ndipo pokwera Causse Méjean anyamule madzi osachepera malita atatu.